Kukhulupirirana pa banki m'khonde: mafunso ndi mayankho

Banki m'khonde yafika paliponse: m'midzi, m'misika, m'mipingo, pakati pa aphunzitsi, ngakhale m'maofesi a m'tauni. Njira yake inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger m'chaka cha 1991, ndipo pafupifupi lamulo lililonse la njirayi limayankha funso limodzi: anthu angasungitsane bwanji ndalama kwa chaka chathunthu popanda kukayikirana? Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwera kawirikawiri gulu likamayamba, komanso likayamba kugwedezeka.

Tonse timadziwana, enanso ndife pachibale. Malamulo olemba ndi a chiyani?

Kudziwanako n'kumene kukufunika malamulo. Munthu wapadera akachedwetsa ngongole mumamufunsa popanda kujejema. Akakhala mlamu wanu, kapena mayi amene mumaimba naye kwaya, pakamwa pamalemera, mwezi n'kutha, wina n'kuthanso. Lamulo lolembedwa limakupeputsani, pakuti wofunsa ngongoleyo limakhala gulu lonse.

Pepala la malamulo linene momveka mtengo wa sheya imodzi (gawo la ndalama limene membala amasunga m'gulu), kuchuluka kwa masheya amene munthu angagule pa msonkhano umodzi (kawirikawiri kuyambira imodzi kulekeza asanu), chiwongoladzanja, nthawi yobwezera imene m'magulu ambiri sipitirira miyezi itatu, ndi malire a ngongole, omwe ndi ndalama zimene munthu wasunga kuchulukitsa katatu. Amene wasunga K40,000 sangabwereke zoposa K120,000, kaya alire bwanji. Linenenso za thumba la zadzidzidzi ndi mavuto amene limathandiza, ndi chindapusa cha wochedwa ndi wojomba.

Pali zitatu zimene magulu amakonda kuiwala n'kudzakangana nazo pambuyo pake: membala akamwalira ali ndi ngongole, akasamuka, kapena akafuna kutuluka chaka chisanathe. Kambiranani zimenezi bokosi losungiramo ndalama za gulu likadali lopanda kanthu, aliyense mtima uli m'malo. Onse asaine kapena adinde chala, ndipo malamulowo aziwerengedwa mokweza kamodzi pamwezi, poti si onse amadziwa kuwerenga.

Tisankhe anthu otani, ndipo akhale angati?

Anthu 15 mpaka 25 ndi okwanira. Mukachuluka kwambiri msonkhano umatalika, ena amayamba kungotumiza ndalama osabwera, ndipo maso oona zimene zikuchitika amachepa. Anthu asankhane okha, asachite kulembedwa ndi mfumu kapena abusa. Mapezedwe awo akhale osasiyana kwambiri: wogulitsa tomato ndi mwini golosale yaikulu akakhala gulu limodzi, mawu a wandalamayo ndiwo amamveka. Ndipo musalowetse munthu amene nonse mukudziwa kuti anasiya ngongole ku gulu lina pongomumvera chisoni.

Kodi bokosi la maloko atatu si chizindikiro choti sitikhulupirirana?

Bokosilo limateteza kwambiri munthu amene akulisunga. Taganizirani msungichuma amene mwana wake wadwala usiku, m'nyumba mulibe ngakhale K500, koma kunsi kwa bedi kuli ndalama za gulu. Akakhala ndi makiyi onse, mwamuika pamayesero amene anthu ambiri abwino sangawapirire. Akakhala wopanda kiyi, sangatsegule, mwamuna wake kapena mlongo wake sangamukakamize, ndipo ndalama zikapanda kukwanira palibe angamuloze chala.

Komiti imakhala ya anthu asanu: wapampando, mlembi, wosunga bokosi ndi owerenga ndalama awiri. Osunga makiyi atatu asakhale a mu komiti, asakhale a nyumba imodzi, ndipo kiyi isabwerekedwe. Wosunga kiyi akadwala, apereke kiyiyo kwa membala wina amene gulu lavomereza, osati kwa wosunga kiyi mnzake kapena wosunga bokosi. Loko iliyonse imabwera ndi makiyi angapo. Funsani tsiku loyamba kuti makiyi apaderawo apita kuti, chifukwa magulu ena amadzazindikira mochedwa kuti amene anakagula maloko anatsala nawo.

Msonkhano uziyenda bwanji kuti pasamakhale manong'onong'o?

Ndalama iliyonse ioneke, itchulidwe, ilembedwe, anthu onse akuona. Bokosi liikidwe pakati ndipo litsegulidwe mamembala ambiri atafika. Lisanatsegulidwe, wapampando afunse gulu kuti sabata yatha munatsala zingati. Anthu anene, ndiyeno owerenga awerenge mokweza. Pogula masheya, membala aitanidwe ndi nambala yake, apereke ndalama kwa owerenga, iwo alengeze kuti "K6,000, masheya atatu", mlembi adinde katatu mu pasibuku (kabuku ka membalayo) ndi kukhwatcha mipata iwiri yotsalayo kuti wina asadzadindemo mtsogolo. Mwini pasibuku ayang'ane asanakhale pansi.

Kenako obweza ngongole abweze, ndalama zonse ziwerengedwe, ofuna kubwereka anene poyera ndalama zimene akufuna ndi ntchito yake. Pomaliza zotsala zilengezedwe kawiri, za thumba la ngongole pazokha, za thumba la zadzidzidzi pazokha, ndipo mapasibuku ndi kaundula zitsekeredwe m'bokosi.

Chimene chimaononga magulu ambiri ndi mawu akuti "ndawapatsira kunyumba amlembi". Ndalama yoperekedwa panjira, kuchigayo kapena kutchalitchi ilibe mboni. Amene waipereka ndi amene wailandira onse angakhale oona mtima, koma tsiku lina mmodzi adzakumbukira K10,000 pamene mnzake akukumbukira K8,000, ndipo ubale udzathera pamenepo.

Ife timagwiritsa ntchito Airtel Money ndi Mpamba. Tingasamale bwanji?

Foni yachotsa vuto la akuba othyola nyumba, koma yabweretsa lina: nambala imalembetsedwa m'dzina la munthu mmodzi, ndiye kuti maloko atatu aja asanduka nambala yachinsinsi imodzi. Gulu likhale ndi SIM yakeyake, yosiyana ndi ya membala aliyense, ndipo iziikidwa mu foni pamsonkhano pokha, ikatero n'kubwerera m'bokosi. Nambala yachinsinsi igawidwe pakati: wina adziwe manambala oyamba, wina omaliza. Pamsonkhano uliwonse yang'anani ndalama zotsala pa foniyo, anthu awiri awerenge mokweza.

Musamavomereze chithunzi cha uthenga chotumizidwa pa WhatsApp ngati umboni, chifukwa chithunzi chimakonzeka. Umboni ndi uthenga umene wafika pa nambala ya gulu. Gwirizananinso amene azilipira ndalama yotumizira ndi yotapira. Ndi ndalama zochepa, koma zikaunjikana miyezi khumi osalembedwa zimaoneka ngati wina waba.

Membala amene ali kutali, monga ku Johannesburg, akhale ndi womuimira wodziwika pamsonkhano, ndipo zikhale zolembedwa kuti ngongole yake ikavuta ayankhe ndani. Gulu likakula n'kumasunga mamiliyoni, tsegulani akaunti yosainira anthu atatu ku banki kapena ku SACCO (bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama).

Tingadziwe bwanji kuti kukhulupirirana kwayamba kutha?

Anthu sanena, amangosintha machitidwe. Amene ankagula masheya asanu ayamba kugula imodzi. Ena ayamba kubwereka ndalama zofanana ndi zimene anasunga, osati chifukwa ali ndi geni koma kuti zawo zikhale m'manja mwawo. Msonkhano ukatha timagulu ta anthu awiri atatu titsalira panjira. Mlembi ayamba kupita ndi kaundula kunyumba "kuti akakonze bwino". Wina akafunsa funso la masamu, ayankhidwa kuti "kodi mukutiganizira?" Mukaona ziwiri mwa zimenezi, wapampando aitanitse kuwerengera kwa mabuku onse sabata yomweyo, osadikira Disembala.

Tawerenga ndalama ndipo sizikukwanira. Tichite chiyani tsiku lomwelo?

Choyamba, pasatchulidwe dzina la munthu. Dzina likangotuluka silibwereranso, ngakhale mawa ndalamazo zitapezeka. Anthu ena awiri, osati owerenga a masiku onse, awerengenso. Kenako chitani masamu poyera: werengani zidindo zonse za m'mapasibuku n'kuchulukitsa ndi mtengo wa sheya, onjezani chiwongoladzanja ndi zindapusa zimene zalowa, chotsani ngongole zimene zili kunja ndi zimene gulu linagula. Chotsalacho ndicho chiyenera kupezeka m'bokosi.

Nthawi zambiri vuto limapezeka pomwepa. Ngongole inaperekedwa koma sinalembedwe, wina anabweza n'kulembedwa kawiri, ndalama za maliro zinatengedwa m'thumba la ngongole m'malo mwa la zadzidzidzi, kapena mlembi anaphonya ziro mmodzi.

Masamu akakana ndithu, lembani ndalama yosowayo papepala, onse amene alipo asaine. Mabuku onse alowe m'bokosi, mugule maloko atsopano, makiyi apite kwa anthu ena. Wapampando anene momveka kuti kusinthaku sikuloza munthu. Sankhani anthu atatu osakhala mu komiti kuti afufuze pamodzi ndi mlangizi amene anakuphunzitsani kapena mlangizi wa zachitukuko wa m'dera lanu, ndipo muwapatse sabata imodzi. M'sabata imeneyo aliyense wodziwa kanthu, kuphatikizapo amene anatengayo, ali ndi mwayi wokaonana ndi atatuwo mwakachetechete. Khomo limeneli n'lofunika kwambiri. Munthu amene akuona kuti kuulula ndi kugwidwa zili ndi malipiro ofanana amasankha kukana mpaka mapeto.

Nkhaniyi isapite pa WhatsApp kapena pa Facebook. Ndipo musapite kokaombeza. Woombeza amatchula dzina limene waona kuti inu mukuliganizira kale, ndalama sizibwerera, ndipo mabanja awiri amadana mpaka ana awo.

Kodi wolephera kubweza ngongole ndi wakuba?

Ayi, ndipo gulu limene silisiyanitsa ziwirizi limataya anthu abwino. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri amene anabwereka mpamba anapeza kuti ndalama yomweyo sikugulanso katundu amene ankapikula kale. Namondwe Freddy atasakaza m'chigawo chakumwera mu Malichi 2023, ena anataya munda, nyumba ndi geni tsiku limodzi. Chaka chilichonse, Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene chakudya chimavuta ndipo ngongole zimachedwa.

Yang'anani khalidwe la munthuyo. Amene akubwera pamsonkhano, kunena vuto lake tsiku lobweza lisanafike, n'kumapereka kangachepe, ameneyo ndi wovutika. Muimitsireni chiwongoladzanja ndi kumugawira ngongoleyo m'zigawo zimene angathe. Amene wazimitsa foni, akukhota njira akakuonani, koma wagula sofa yatsopano, nkhani yake ndi ina. Pali mtundu wachitatunso: wobwerekera munthu wakunja pa chiwongoladzanja chokwera, ngati katapila. Wakunjayo akathawa, ngongole ndi ya membala amene anasaina, ndipo malamulo anene zimenezi poyambirira.

Magulu ena amakakamiza membala aliyense kubwereka kuti phindu lichuluke. Lekani zimenezo. Munthu wopanda geni akapatsidwa ngongole yokakamiza amaidya, n'kukabwereka ku gulu lina kuti abweze kuno.

Ndine amene ndinatenga ndalamazo. Ndiyambire pati?

Pitani nokha asanakupezeni. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Yambani ndi wapampando kapena atatu ofufuza aja, muwapemphe nthawi yolankhula pamsonkhano wotsatira.

Nenani ndalama yonse kamodzi. Apa ndi pamene ambiri amadziphera okha: avomera K50,000 lero, sabata yamawa mabuku aonetsa K120,000, kenako K180,000. Anthu akanatha kukhululukira K180,000 yonenedwa tsiku limodzi, koma bodza lililonse lotulukira pambuyo limafafaniza kupepesa konse kumene kunachitika kale. Mawu ake asachuluke: "Amayi ndi abambo, ndinatenga K180,000 ya gulu, kawiri, mu Ogasiti ndi mu Seputembala. Ndinalakwa, ndinakunamizani pamene munafunsa. Ndabwera ndi K30,000, yotsalayo ndikupempha kuti ndizibweza K15,000 sabata iliyonse kwa masabata khumi." Chifukwa chimene munatengera munene mukafunsidwa. Mukayamba ndi chifukwa, anthu amamva ngati mukudziikira kumbuyo. Musatchule zolakwa za ena tsiku limenelo, ngakhale zitakhala zoona.

Lonjezani zimene mungathedi. Kuli bwino K10,000 yosaphonya kusiyana ndi K40,000 imene mudzalephera ulendo wachiwiri. Bwezani pamsonkhano, onse akuona, zilembedwe. Ngati muli ndi udindo, tulani pansi nokha asanakuuzeni. Ndipo musajombe, ngakhale nkhope zikhale zolimba chotani. Sabata imene mwaona kuti ndalama sikwanira, nenani masiku awiri lisanafike tsiku la msonkhano.

Ena adzakhalabe okwiya kwa miyezi. Musawakakamize kuti akuseke, ndipo musadandaule kuti "ndinapepesa kale". Ndalama zimene munatengazo ena anazipeza posenza nkhuni ndi kukazinga mandasi mbandakucha.

Tamukhululukira. Kodi timubwezere udindo wake?

Kukhululuka ndi nkhani ya mumtima ndipo kungachitike lero. Kiyi imabwerera pang'onopang'ono, potsata zimene maso aona. Njira imene imathandiza ndi iyi: chaka chimene walakwacho apitirize kusunga koma asabwereke kufikira atamaliza kubweza. Chaka chotsatira abwereke zosapitirira zimene wasunga. Akayenda bwino chaka chonsecho, abwerere pa malire a aliyense, ndipo angathe kupikisana nawo pa chisankho ngati wina aliyense. Masitepe amenewa alembedwe ndi masiku ake, kuti iye adziwe kuti chilangocho chili ndi polekezera.

Gulu nalonso lili ndi mbali yake, ndipo magulu ambiri amalephera pamenepa. Tsiku limene wamaliza kubweza, wapampando alengeze, mlembi alembe kuti nkhani yatha, onse asaine. Kuyambira pamenepo womunena kuti "wakuba uja", pamsonkhano kapena kumsika, alipire chindapusa. Munthu amene wabweza zonse koma akutonzedwabe amaphunzitsa ena onse kuti kuulula kulibe phindu.

Nanga wolakwayo akakhala wapampando, mkazi wa amfumu kapena mkulu wa mpingo?

Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo n'chifukwa chake alangizi ambiri amalangiza kuti mafumu ndi atsogoleri otere asakhale mu komiti. Ngati zachitika kale, membala mmodzi asalimbane naye yekha. Anthu atatu kapena anayi apemphe pamodzi kuti lamulo lakutilakuti liwerengedwe, ndipo msonkhano umenewo autsogolere munthu wapadera, monga mlangizi. Mpatseni ulemu wake wonse m'kalankhulidwe, koma ndalama ndi masiku obwezera zikhale zofanana ndi za wina aliyense. Gulu likangofewetsa lamulo kamodzi chifukwa cha udindo wa munthu, mwezi wotsatira obweza amachepa.

Tinamuganizira munthu, kenako zapezeka kuti sanalakwe. Tikonze bwanji?

Pamene munamunyozera ndi pomwe mumuyeretsere. Ngati ananenedwa pamsonkhano, apepesedwe pamsonkhano, ndi anthu enieni amene anamutchula, osati wapampando m'malo mwawo. Ngati mbiri inafika kumudzi ndi kumpingo, anthu awiri a gulu apite kunyumba kwake, akanene pamaso pa banja lake, ndipo adziwitse amfumu. Chindapusa chilichonse chimene anadulidwa chibwezedwe, udindo wake aufunsidwe ngati akuufunabe. Akasankha kutuluka, mpatseni zake zonse mwamtendere.

Kodi tingakalande katundu wa wokana kubweza?

Musakathyole nyumba kapena kunyamula katundu mwini wake asanavomere. Mukatero gulu limene linali lodandaula limasanduka loimbidwa mlandu. Yambani ndi masheya ake: achotsedwe pa ngongoleyo monga malamulo anenera. Yotsalayo mumulembere kalata yokhala ndi tsiku. Zikakanika pitani kwa amfumu ndi kaundula, pasibuku ndi pepala limene anasaina, ndipo zikavutabe nkhani ya ngongole imapita ku khoti la majisitireti. Kuthyola bokosi kapena kuthawitsa ndalama za gulu ndi nkhani ya apolisi. Ngati pali chikole, chikhale chimene analemba yekha tsiku lobwereka pamaso pa mboni, ndipo chisakhale ziwiya zophikira, zofunda kapena chakudya cha ana.

Mkazi wanga anatenga ngongole osandiuza, ndadziwira kwa anthu odzaitanitsa. Titani?

Funso lomweli limabweranso kuchokera kwa amayi amene amuna awo anawatuma kukabwereka n'kukana kubweza. Chimene chimapweteka kwambiri ndi kumvera kwa anthu apadera. Komabe yambani ndi ngongoleyo, chifukwa chiwongoladzanja sichidikira kuti mkwiyo uthe. Khalani pansi awiri, ana atagona, mulembe ngongole zonse: gulu lililonse, ndalama zake, tsiku lake. Wofunsayo alonjeze kumva mpaka kumapeto osakalipa, wobisayo asasiyeko ngakhale imodzi. Kenako pitani limodzi ku gulu mukapemphe ndondomeko yobwezera.

Zikatero funsanani chimene chinachititsa. Kawirikawiri ndalamazo zinapita ku fizi, ku chipatala kapena kwa makolo, ndipo wobwerekayo ankaopa kupempha. Ngati m'nyumba simukambidwa za ndalama, kubisa kudzabweranso. Gwirizanani malire, mwachitsanzo kuti ngongole yoposa K50,000 isatengedwe mnzako asanadziwe, ndipo lamulolo ligwire onse awiri. Kamodzi pamwezi onetsanani mapasibuku ndi mauthenga a ndalama. Mukalephera kumvana, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri.

Pali chenjezo limodzi kwa magulu. Amayi ena amabisa zimene asunga chifukwa mwamuna amalanda kapena kumenya. Gulu lisaulule masheya a membala kwa mwamuna kapena mkazi wake popanda chilolezo, ndipo pamene pali nkhanza mayiyo athandizidwe kufika ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Tsiku logawana limabweretsa mikangano chaka chilichonse. Tingaipewe bwanji?

Siyani kubwereketsa kukatsala mwezi umodzi kapena iwiri, kuti ngongole zonse zibwerere. Tsikulo onse akhalepo. Amene sanamalize ngongole, masheya ake ofanana ndi ngongoleyo akhwatchidwe kaye. Werengani ndalama zonse, werengani masheya onse otsala, gawani. Mwachitsanzo, K3,600,000 pa masheya 1,200 ndiye kuti sheya imene inagulidwa K2,000 yafika pa K3,000, ndipo wa masheya 60 alandira K180,000. Masamuwa achitidwe ndi anthu awiri payekhapayekha, alembedwe pa bolodi kapena papepala lalikulu. Ndalama za aliyense ziikidwe mu pasibuku yake, ndipo pasakhale wonyamula zake kufikira onse atakwanira, kuti ngati pali cholakwika chikonzedwe ndalama zikadali pamphasa.

Zinthu zafika poipa. Gulu lithe kapena lipitirire?

Malizani chaka, gawanani zimene zilipo, ndipo ngati pali zotayika zigwere aliyense molingana ndi masheya ake. Ngongole zimene zatsala kunja zilembedwe, musankhe anthu awiri oti azitolera ndi kugawa zikalowa. Pambuyo pogawana aliyense ali ndi ufulu wotuluka popanda kufunsidwa chifukwa. Otsalawo ayambe ngati gulu latsopano: chisankho cha komiti chachinsinsi, poponya timiyala kapena timapepala m'thumba, maloko atsopano, kaundula watsopano, ndi malamulo okonzedwa pamalo enieni pamene panabowoka. M'chaka choyambacho tsitsani mtengo wa sheya ndi malire a ngongole, ndipo mabuku aziwerengedwa ndi munthu wapadera miyezi itatu iliyonse.